Batani la Nambala 7

Kompyuta ya ku ofesi kwa malume ku Limbe inkagona itafundidwa nsalu ngati mwana wa chimfine. Ikakwana 5 koloko madzulo, anthu onse ataweruka, malume ankatsalira kuti amalize mabuku awo a ndalama, ndipo ine ndi msuweni wanga ankatilola kuivundukula, bola tisakhudze chilichonse cha ntchito. Munali mu 1998, pa holide ya Fomu 3. Tinkachoka ku Bangwe wapansi, ndalama ya minibasi n'kugulira chimanga chootcha panjira.

M'kompyutamo munali gemu imodzi yokha yoti munthu n'kuitchula dzina, Doom. Amene anaiikamo anali atasiya ntchito kalekale, ndipo malume sankadziwa n'komwe kuti ilimo. Nkhani yake ndi yaifupi ngati mchira wa mbuzi. Ndiwe msilikali pa Phobos, kamwezi kozungulira Mars, kumene kampani ya UAC yatsegula khomo losayenera kutsegulidwa, ziwanda za ku gehena n'kukhamukiramo. Thupi lako sulionanso. Umaona dzanja ndi mfuti basi, komanso kankhope pansi pa sikirini kamene kamachucha magazi ukavulala ndi kumwetulira mwankhanza ukatola chida chatsopano.

Kiyibodi inali imodzi, ife awiri, ndipo panalibe wofuna kudikira mnzake. Tinagawana ntchito. Msuweni wanga anatenga batani la Ctrl lowombera ndi manambala osinthira mfuti, ine ndinatenga timivi tinayi toyendetsera. Iye anali chala, ine miyendo. Tinkakhala mpando umodzi, matako theka theka, tikukalipirana. Kugawana kumeneku ndi kumene kunabala mlandu umene ndinadzauzindikira patapita zaka 16.

Pafupi ndi kankhope kaja pali manambala, 2 mpaka 7, ndipo iliyonse imayaka ukapeza chida chake. Tinapeza zonse mpaka 5, koma 6 ndi 7 zinakhalabe zozima ngakhale tinafufuza chipinda chilichonse, kugogoda khoma lililonse. Mnyamata wina wa ku Kanjedza anatilembera zilembo zisanu pa kapepala ka ndudu, IDKFA, nati tikazilemba mkati mwa gemu tipeza zida zonse. Tinalemba, manambala anayaka, koma podina 7 kunali zii. Msuweni wanga anagamula kuti batanilo ladzaza fumbi, ndipo analizula ndi kampeni kuti alipukute. Malume atacheuka n'kuona kiyibodi ya abwana awo ili ndi chigwere ngati nkhalamba, tinakhala masiku atatu osaponda ku Limbe.

Batanilo linalibe vuto. Gemu yathu inali gawo loyamba lokha, lotchedwa Knee-Deep in the Dead, limene a id Software a ku Texas anagawa ulere pa 10 December 1993 kuti wolikonda agule magawo awiri otsalawo. Mfuti ziwiri zamphamvuzo anazisungira olipira. Wamalonda wa usipa amakulawitsa kamodzi, sakupatsa mbale.

Gemu yathunthu inabwera ndi mnzawo wa malume amene ankapitapita ku Johannesburg, pa madisiketi omangidwa ndi labala. Usiku womwewo tinalemba zilembo zisanu zija, msuweni anadina 7, ndipo pansi pa sikirini panatulukira chinthu chachikulu chophwanthira, chosafanana ndi mfuti iliyonse imene tinaionapo m'mafilimu. Dzina lake ndi BFG 9000. Chilembo choyamba chikuimira kukula, chomaliza mfuti, ndipo chapakaticho ndi mawu otukwana amene sindingawalembe pano. Atapanga filimu ya Doom mu 2005, ya Dwayne Johnson ija, analisambitsa dzinalo n'kuliveka la sayansi, Bio Force Gun, koma palibe amene anapusitsika.

Mfutiyi siidya zipolopolo. Imadya magetsi, timabatire timene umatola m'njira. Mfuti ya pa nambala 6 imadya kabatire kamodzi pa kuwombera kulikonse, pamene iyi imameza 40 nthawi imodzi. Msilikali amanyamula 300, kapena 600 akapeza chikwama, kutanthauza kuti ngakhale utadzaza bwanji sungawombere kupitirira maulendo 15. Ukadina batani siiyankha msanga. Imayamba yalira kulira kokwera, ngati jenereta imene ikukoka mphamvu, kwa pafupifupi sekondi yathunthu, iwe uli chiimire ziwanda zikukugenda moto. Kenako chimpira chobiriwira chimatuluka, chodzaza sikirini yonse, n'kukaphulika pa chimene chagunda. Zikayenda bwino, chiwanda chilichonse m'chipindamo chimang'anima mobiriwira n'kugwa, ngakhale chimene chinali kutali ndi pamene chimpiracho chafikira.

Kwa ife zinkayenda bwino mwa apo ndi apo. Tsiku lina chipinda chodzaza ziwanda makumi awiri chinkasanduka manda ndi kuwombera kumodzi, mawa lake chipinda chomwecho, mfuti yomweyo, n'kufa chimodzi chokha, zinzake zikutithamangitsa. Msuweni wanga anafika poinyoza.

"Chimfuti ichi n'chabodza iwe. Changokula thupi."

Mlonda wa pa ofesipo, bambo wachikulire wa ku Mulanje amene ankabwera kudzaonerera ataimika chibonga chake pakhomo, anali ndi maganizo ena. "Ana inu, mankhwala aliwonse ali ndi chizimba chake. Mwapeza mankhwala koma chizimba simunachipeze." Tinamuseka. Komabe msuweni anayamba kuuzira mpweya pa chala asanadine, ndipo zikatheka ankati mwaona.

Tsono ine, mwini miyendo, ndinali ndi nzeru zanga. Mfuti ya pa nambala 5, ya mizinga ija, inali itandiphunzitsa mowawa kuti mzinga ukaphulikira pafupi umakuvulaza iwe wemwe. Ndinaganiza kuti ngati kamzinga kakutero, nanga chimpira chobiriwira chachikulu chonchi? Choncho chikangotuluka ndinkakhotetsa msilikali wathu n'kumubisa kuseri kwa khoma, kudikira phokoso lithe, kenako n'kusuzumira. Ndinkadziona wochenjera. Msuweni sanadandaulepo, poti nayenso ankaona kuti ndikuteteza moyo wathu.

Mu 2014, usiku wina tulo titandithawa, ndinayamba kuwerenga pa intaneti za gemu yakaleyi. A id Software anatulutsira poyera malamulo onse oyendetsera Doom mu December 1997, moti yankho linali kale pabwalo pamene ife tinkauzira mpweya pa zala ku Limbe. Muli kachigawo kakang'ono, mizere yochepa chabe, kotchedwa A_BFGSpray. Ndinakawerenga katatu ndili chigonere, foni ili pamphuno.

Chimpira chija chimavulaza chinthu chimodzi chokha, chimene chachigunda, ndi mphamvu ya pakati pa 100 ndi 800. Kuphulika kwake n'kongoonetsa, sikupsereza aliyense woyandikira, ngakhale wowomberayo. Ndinkathawa chinthu chimene sichikanandikhudza n'komwe. Ntchito yeniyeni imachitika patadutsa pafupifupi theka la sekondi chiphulikireni. Pamenepo gemu imaponya mivi 40 yosaoneka, yoyalidwa ngati chipapa cha madigiri 90, yolunjika mbali imene chimpira chinalowera. Muvi uliwonse umapweteka ndi mphamvu ya pakati pa 49 ndi 87, ndipo yonse pamodzi imafika cha m'ma 2,700, kuposa chimpira cholimba kwambiri katatu. Kangaude wamkulu wa kumapeto kwa gemu, Spider Mastermind, ali ndi moyo wa 3,000, ndipo ukamuyandikira mpaka kununkhizana naye mpweya, kuwombera kumodzi kungathe kumugwetsa.

Chimene chinandidzutsa pabedi ndi pamene miviyo imachokera. Siichokera pa kuphulika paja. Imachokera pa thupi la wowomberayo, pamalo amene waima nthawi imeneyo. Ngati waima poyera, ziwanda zili patsogolo pake, zimagwa zonse. Ngati wabisala kuseri kwa khoma, mivi 40 yonse imathera m'khomamo. Masiku amene chipinda chinkayera anali masiku amene ndinachedwa kuthawa, mwina chala chitaterereka, mwina msilikali atakodwa pa mzati.

M'mawa mwake ndinaimbira msuweni wanga, amene tsopano amayendetsa malole a ku Beira. Ndinamufotokozera zonse, mivi, madigiri, khoma. Anakhala chete, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye unali iwe? Zaka zonsezi ndimatukwana mfuti ya eni!"

Tinaseka tonse, tinakumbutsana za batani lozulidwa ndi za mlonda uja, amene anamwalira kale. Koma pali nkhani imene sindinamuuze pa foniyo, ndipo ndi imene inandilepheretsa kugonanso usiku uja.

Mu 2012 ndinkagwira ntchito pa kampani ina yosindikiza mabuku ndi makalendala. Inali nthawi imene anthu ankagona pa mizere ya mafuta ndi zigubu, kwacha itagwa, shuga akusowa. Malipiro athu anachedwa mwezi umodzi, kenako iwiri, kenako itatu. Anthu anayamba kubwera ku ntchito wapansi kuchokera ku Chilobwe ndi ku Machinjiri, nkhomaliro ili madzi a pampopi. Tinakumana kuseri kwa nyumba ya makina n'kugwirizana zolemba kalata, ndipo poti ine ndinali wowongolera zolembedwa, wodziwa Chingerezi, onse anandiyang'ana. Mutu ukakula sulewa nkhonya, anatero wina, ndipo ndinamva kukoma.

Kalatayo ndinailemba mausiku atatu. Ndinaikamo ndime za malamulo a ntchito, ndinawerengetsa ngongole ya munthu aliyense mpaka tambala, ndinasula chiganizo chilichonse mpaka chinanyezimira. Nditawawerengera anzanga, mayi wina wopinda mapepala anaimba nthungululu. Anthu 23 anasaina, ena ndi chala. Ine ndinasaina pakati, osati pamwamba, ndipo ndinadziuza kuti ndikutero pofuna kuti tioneke ofanana. Tinaipereka Lolemba. Abwana anati tikumane Lachinayi 10 koloko.

Lachitatu usiku ndinayamba kumva mutu. Sindinganene kuti unali wabodza, poti mantha nawo amawawitsa mutu ndithu. M'mawa ndinatumiza uthenga woti malungo andigwira. Ndinagona chogwira foni, ndikudziuza kuti ntchito yanga ndinaimaliza, kalata yanena zonse, palibe chimene pakamwa panga pangawonjezere pa zimene zili papepala.

Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake, zidutswazidutswa. Abwana anawerenga kalatayo mokweza, pang'onopang'ono, akuyamikira Chingerezi chake. Atafika pa ndime yachitatu, ya malamulo ija, anaima n'kufunsa kuti ndani angawafotokozere tanthauzo lake. Anthu 22 anayang'ana pansi. Mawuwo sanali awo. Njala inali yawo, ngongole za lendi zinali zawo, koma ziganizo zinali zanga, ndipo mwini wake anali atafunda bulangete ku Ndirande. Bambo wina woyendetsa makina odulira mapepala, amene anagwira ntchito pamenepo kuyambira ine ndili ku pulayimale, anaimirira n'kuyankhula m'Chichewa za ana ake amene anawabweza ku sukulu. Abwana anamumvetsera, analonjeza theka la mwezi umodzi, msonkhano n'kutha. Pasanathe miyezi iwiri bamboyo ndi mnyamata wina anauzidwa kuti ntchito yachepa.

Lolemba lotsatira msonkhano uja ndinakumana nawo bambowo pa geti. Anandigwira dzanja ndi manja awiri monga ankachitira masiku onse.

"Mwachira, achimwene?"

Ndinati ndachira. Anati tithokoze Mulungu, nalowa. Mpaka lero sindinapeze m'mawu awo kachitonzo kalikonse, ndipo ndafufuzamo kambirimbiri.

Ndisanamize anthu kuti John Carmack, John Romero ndi anzawo a ku id Software anakhala pansi ku Texas n'kuganiza zophunzitsa anyamata a ku Bangwe kulimba mtima. Mivi yosaoneka ija inabadwa chifukwa cha kuchepa mphamvu kwa makompyuta a nthawi imeneyo. Mu gemu yoyeserera imene anaonetsa atolankhani mu October 1993, BFG inkalavula timipira tambirimbiri tobiriwira ndi tofiira, tooneka ndi maso, tobalalika m'chipinda monse. Kompyuta inkalemedwa nato mpaka kutsimphina, ndipo Romero anadzanena kuti tinkaoneka ngati zokongoletsa za Khirisimasi. Anatichotsa, n'kuika chimpira chimodzi chosangalatsa maso, ntchito yopha n'kuisiyira masamu otchipa amene kompyuta imawerenga m'kuphethira kwa diso. Ndi ukatswiri wa mmisiri wosowa zipangizo, ngati wa amene amakonza wailesi ndi waya wa pa mpanda. Ngakhale chithunzi cha mfutiyo anachitenga pa kamfuti ka pulasitiki koseweretsa ana, n'kukajambula ndi kamera. Chida chimene tinkachiopa chonchija chinagulidwa m'sitolo ya zidole.

Ndiponso ndikadapita ku msonkhano uja, sindikudziwa kuti ndalama zikadatuluka. Mwina amene akadauzidwa kuti ntchito yachepa ndikadakhala ine, ndipo ndinali ndi mwana wa miyezi isanu ndi umodzi. Mu gemu momwemo kuima poyera kuli ndi mtengo wake. Sekondi ya kulira ija, kuphatikiza ulendo wa chimpira, kuphatikiza theka la sekondi lodikira mivi, ndi nthawi yokwanira kuti Cyberdemon, chimphona cha moyo wa 4,000, akutumizire mizinga itatu. Wakufa chimpira chisanatuluke saponya mivi. Pamenepa ndimadzikhululukira pang'ono, masiku ena.

Koma akatswiri a gemuyi anandilanda ngakhale chikhululukiro chimenechi. Iwo amabisala ndithu, kungoti amabisala nthawi yake. Amaima kuseri kwa ngodya, n'kuwombera khoma lili pamphuno pawo, moyang'ana mbali imene adani ali. Kulira konse kuja kumathera pobisika. Chimpira chikangophulika pakhomapo amatulukira poyera, mivi 40 n'kuchoka pa thupi lawo kulowa m'chipinda, kenako n'kubwerera. Amaonekera kwa kanthawi kochepa kwambiri, koma kamene kakufunika. Pa mipikisano ya anthu okhaokha ena anatulukiranso njira yozimitsira kulira kwa mfutiyo, podina batani lotsegulira zitseko pa khoma lopanda chitseko kuti kubuula kwa msilikali kuphimbe phokosolo. Mnzako amangoona wagwa osamva kalikonse. Ine ndinkachita mosemphanitsa ndendende. Ndinkaima poyera nthawi ya phokoso, pamene aliyense akuona chimpira changa chokongola, n'kusowa nthawi ya ntchito. Mausiku atatu olemba kalata ndikadatha kubisala mmene ndikadafunira. Lachinayi 10 koloko ndi pamene panafunika thupi.

Opanga magemu a pambuyo pake anaichotsa mbali imeneyi. Mu Doom ya 2016, chimpiracho ndi chimene chimatulutsa timphezi tobiriwira tokantha adani chikamadutsa, ndipo timphezito timaoneka. Ukhoza kuwombera n'kupita kukamwa tiyi. Mu Doom Eternal ya 2020 anafika pomanga BFG 10000, chimfuti chachikulu ngati phiri chokhazikidwa pa Phobos, chimene msilikali amaboolera nacho dzenje pa Mars. N'zokongola, sindikana, ndipo n'zachilungamo kwa wosewera, poti chimene ukuona ndi chimene chikuchitika. Koma ndikaziona ndimamva ngati ndikudya nsima ya ufa wogula m'sitolo: yoyera, yosalala, yosakhalitsa m'mimba.

Mwana uja wa miyezi isanu ndi umodzi ndi mtsikana wamkulu tsopano, wa ku sekondale. Mwezi watha magetsi atazima, laputopu ili ndi moto wa ola limodzi, ndinamuonetsa Doom yakale. Anaseka zithunzi zake, nati ziwandazo zikuoneka ngati zoumba ndi dothi, ndipo sanalakwe kwenikweni, poti zina mwa izo anayamba aziumbadi asanazijambule. Ndinamupatsa Ctrl ndi manambala, ine ndinatenga timivi tanga tinayi. Tinakhala mpando umodzi. Ndinalemba zilembo zisanu zija osayang'ana n'komwe, zala zikuzikumbuka zokha, ndipo ndinamuuza kuti adine 7. Za mivi 40 sindinamuuze. Ndinkafuna aone yekha chipinda chikuyera.

Tinatsegula chitseko cha bwalo lodzaza ziwanda zofiirira zoponya moto. Anadina. Kulira kuja kunayamba kukwera, moto woyamba unatimenya, kankhope kanayamba kutuluka magazi m'mphuno, nambala ya moyo inatsika kuchoka pa 100 kufika pa 71. Chimpira chinatuluka. Ndikudziwa bwinobwino zimene ndinawerenga, ndikhoza kuzilakatula ndili m'tulo, koma nditazindikira tinali kale kuseri kwa khoma, tikuyang'ana njerwa zotuwa, chala changa chili chikanikizire kamuvi ka kumanzere.

Tinasuzumira. Chimodzi chinali chitagona. Zinzake zonse zinali kubwera.

"Mfuti yanji imeneyi, adadi? Yangokula thupi."